Tisataye zimene mliri unatiphunzitsa pakhomo

A Mkonzi,

Ndipatseniko danga ndinenepo za chinthu chimene mliri wa Covid-19 unatisiyira, chomwe tayamba kale kuchitaya: kukhalira pamodzi pakhomo makolo ndi ana. Sindikuchepetsa maliro amene tinalira. Januwale wa 2021 anali wowawa, mpaka dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, ndipo mabanja ambiri anaika abale awo mwachangu, opanda ngakhale mwambo wogona pasiwa. Koma kuchokera pa 23 Malichi 2020 pamene sukulu zinatsekedwa, kufikira Seputembala pamene makalasi a mayeso anayamba kubwerera, ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu. Ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Chiputula ndi ku Masasa, bambo amene ankachoka kusanache n'kubwera ana atagona anayamba kumva ndi makutu ake mmene mwana wake wa Sitandade 4 amawerengera.

Madalitso amenewa sanagwere nyumba iliyonse. Anapezeka pamene banja linagawa tsiku, aliyense n'kudziwa chochita. Pamene panalibe dongosolo, kukhalira pamodzi kunabala mikangano. N'chifukwa chake ndikufuna kufotokoza zimene zinkayenda, poti mliri wina sudzagogoda pakhomo. Kolera ya 2022 ndi 2023 inatikumbutsa kale zimenezo.

Tiyambe ndi kuwerenga. Mwana wa Sitandade 1 mpaka 4 sapirira phunziro la maola awiri. Mphindi 30 m'mawa akangomwa phala n'zokwanira: mphindi 15 awerenge mokweza, zotsalazo achite masamu ndi zitsekerero za mabotolo kapena nyemba. Ngati palibe kope, kulemba ndi khala pa simenti ya pakhonde kumagwira ntchito. Kuwerenga mokwezaku n'kofunika kwambiri kuno ku Mzuzu, chifukwa ana ambiri amasewera m'Chitumbuka koma buku la kusukulu lili m'Chichewa, ndiye mwana amatha kutchula mawu bwinobwino osamva tanthauzo. Akamaliza ndime, mufunseni kuti, "Tandiuza, wachita chiyani munthuyu?" Ayankhe m'chinenero chilichonse chimene akufuna. Chimene chimawononga phunziro la pakhomo ndi ukali. Kholo likakweza mawu, mwana amauma, amayamba kungolota mayankho kuti athane nanu. Mukaona mtima wayamba kutentha, lekezani pomwepo, mawa n'tsiku. Mkulu wake amene ali ku sekondale nthawi zambiri amaphunzitsa bwino kuposa bambo, ndipo nayenso amapindula.

Ntchito imene inasonkhanitsa mabanja ambiri ndi dimba la m'thumba, poti malo a m'tauni ndi ochepa ndipo nyumba zambiri n'zalendi. Tengani thumba la feteleza la makilogalamu 50. Sakanizani ndowa ziwiri za dothi ndi ndowa imodzi ya manyowa owola bwino, muwazepo phulusa lodzaza manja awiri, chifukwa dothi lofiira la kuno limakonda kukhala lowawasa. Pakati pa thumba imikani chitini chobooka mbali zonse ziwiri, muthiremo timiyala, muzungulize dothi, kenako mukweze chitinicho n'kubwereza mpaka thumba lidzaze. Mzere wa timiyalawo ndi umene umatsitsa madzi mpaka pansi. Popanda iwo, pamwamba pamanyowa koma mbande za m'munsi zimafota. Boolani timabowo m'mbali motalikirana ngati chikhatho chimodzi, mubzalemo mbande za mpiru, repu kapena chainizi, ndipo pamwamba muikepo anyezi. M'chilimwe chigubu chimodzi cha malita 5 patsiku chimakwanira. Pakatha milungu itatu kapena inayi muyamba kuthyola. Thyolani masamba akunja okha, mtima muusiye.

Zolakwika zake n'zodziwika. Zitosi za nkhuku zosawola zimawotcha mizu, choncho zisungeni kaye mulu mpaka zisiye kutentha ndi kununkha. Madzi ochapira okhala ndi sopo wambiri amapha mbande. Nsabwe zikagwira kunsi kwa masamba, sungunulani kachidutswa ka sopo m'madzi, muwaze madzulo dzuwa litapepa. Chofunika kwambiri pa zonsezi n'chakuti mwana aliyense akhale ndi thumba lakelake. Mwana amene wathyola mpiru wa m'thumba lake n'kuuona m'mbale ya bambo ake sakakamizidwanso kuthirira.

Mpondagiya wosambira m'manja nawo usachoke pakhomo chifukwa choti Covid-19 yatha. Chigubu cha malita 5, bowo laling'ono la msomali wotentha pafupi ndi kukamwa, mitengo iwiri ya mphanda, mtanda, chingwe ndi kamtengo kopondapo, basi. Pansi pake kumbani kadzenje muthiremo miyala kuti pasachite matope. Sopo mumangirire pa chingwe, mumuvindikire ndi chitini chozondoka kuti mvula ya kuno isamusungunule. Kusamba m'manja kukhale kwa masekondi 20, ndipo ntchito yodzaza chigubu ikhale ya mwana wamng'ono, amainyadira.

Pali ngozi imodzi imene imabwera ndi kukhalira pamodzi komweku. M'Juni ndi Julaye, kuzizira kwa Mzuzu kukafika pachimake, banja limasonkhana pa mbaula zitseko ndi mazenera zili zotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo anthu angapo m'nyumba amadwala nthawi imodzi. Otherani moto zenera lili lotsegula, ndipo mbaula itulutsidwe panja musanagone, ngakhale makala akuoneka ngati azima. Wina akayamba kumva zizindikirozi, mutulutseni panja msanga n'kuthamangira naye kuchipatala. Zenera lotsegulalo limachepetsanso kupatsirana chimfine ndi chifuwa.

Mbali yopweteka ndi ya atsikana. Tonse tikudziwa kuti sukulu zitatsegulidwa, mipando ina inakhala yopanda eni ake chifukwa cha mimba ndi maukwati. Kumudzi, mwana wamkazi amalangizidwa ndi azakhali, agogo kapena anamkungwi. M'tauni anthu amenewa ali kutali, ku Rumphi, ku Kasungu, ku Ntcheu, ndipo mayi akachita manyazi palibe wina amene alankhule. Mabanja amene anapulumutsa ana awo ndi amene anayamba kulankhulana. Nkhani zotere sizikambidwa pokhazika mwana pansi ngati mlandu. Zimatuluka manja ali pa ntchito, posankha nyemba m'lichero kapena pochapa, azing'ono ake ali kutali. Mayi afunse mofatsa za anzake, za amene amamugulira mayunitsi, za msambo ngati nsalu kapena mapadi akukwanira. Mwana akanena chinthu chodzidzimutsa, musakuwe, chifukwa mukakuwa kamodzi sadzanenanso. Anyamata nawo asasiyidwe. Bambo kapena amalume apeze mpata pokonza njinga kapena pokhoma khola.

Kwa abambo anzanga ndinene mosabisa. Ntchito ikaima, ganyu akasowa, manyazi osowa ndalama amasanduka ukali, ndipo amene amaulandira ndi mkazi ndi ana. Khalani pansi ndi mayi a kunyumba, muwerengere limodzi ufa umene watsala, ndalama ya lendi ndi ya makala, ndipo ana okulirapo auzidwe zoona kuti mwezi uno nyama kulibe. Amamvetsa kuposa mmene timaganizira. Ndipo oyandikana nawo nyumba mukamva kulira kwa mwana usiku ndi usiku, musati n'za m'banja. Nambala ya foni ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ozunzidwa.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi n'lakuti mutipatse kagawo kakang'ono mlungu uliwonse, kokhala ndi nthano yaifupi imene mwana wa Sitandade 3 angawerengere makolo ake, mwambi umodzi kapena iwiri, ndi malangizo a zobzala mwezi umenewo. Zilembo zikhale zazikulu, chifukwa ambiri adzawerenga ndi kuwala kwa tochi magetsi atathima.

Wowerenga wanu,
Chibavi, Mzuzu