Za bukulo, ndi za mdzukulu wanga

Mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Kuno tadzuka, kupatula bondo lija. Ufa ndakutumizira pa minibasi ya Lachiwiri, m'thumbamo muli ndi nyemba zofiira zija amakonda mdzukulu wanga.

Mng'ono wako anabwera Loweruka, ndipo pakamwa pake ukupadziwa. Akuti wasiya kupita kukhoti. Akuti usiku sugona, umangokhala pa kompyuta kulemba buku, nthano ya mayi wina amene khoti linamulamula kuti azitumiza mwana kwa bambo womumenya. Ndinamufunsa kawiri ngati anamva bwino. Mayi wina? Ndinakubala ndine, usandinamize ndi mayi wina.

Sindikukuletsa kulemba. Unayamba uli sitandade 4, kumapeto kwa makope a masamu, ndipo ndinakukwapulapo chifukwa cha zimenezo. Lero ndikakumbuka ndimachita manyazi. Lemba ndithu. Anthu awerenge mmene mayi amakhalira pakhonde la khoti kuyambira m'mamawa mpaka dzuwa kupendeka, kenako n'kuuzidwa kuti fayilo sikuoneka, mubwerenso mwezi wamawa. Tsiku lachitatu lija ndinali nawe, tinagawana chigumu chimodzi chifukwa ndalama yonse inathera ulendo. Awerengenso mmene anamufunsira mwana wa zaka 7 kuti kodi bambo ako amakumenya, bambowo atakhala pomwepo atamutong'olera maso. Mwana anaweramitsa mutu, iwo n'kunena kuti umboni palibe. Zimenezo zilembe, usachotsepo kanthu.

Koma sukulu zikutsekera mu Disembala, mwana wanga. Chigamulo chija chikadalipo: tchuthi chilichonse mwana azipita kwa bambo ake. Bukulo likhala litatha pofika tsikulo? Ngakhale lithe, kodi lidzaima pakhomo n'kumuletsa munthu uja kumutenga?

Waiwala mmene anabwerera tchuthi chathachi? Ine sindinaiwale, chifukwa ndinamusambitsa ndine. Mikwingwirima ija kumsana si ya kugwa mumtengo. Mwana amene anasiya kukodza pamphasa ali ndi zaka 3 wayambiranso, ndipo akamva njinga yamoto panjira amathamangira kuseri kwa nkhokwe. Iwe unati tingomusiya apume, aiwale. Ndinavomera, ndipo ndinalakwa. Tikanapita naye kuchipatala tsiku lomwelo zipsera zikadali zaziwisi, adokotala alembe. Khoti limamva pepala kuposa misozi ya mayi, zimenezi unaziona wekha.

Pali nkhani ina sindinakuuzepo bwino. Amayi ako aang'ono, malemu, sanali munthu wachete chibadwire ayi. Anali wolongolola kundiposa ine. Anasintha ali ndi zaka ngati za mdzukulu wangayu, atakakhala kwa achibale ena. Nkhani itaphulika, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango, kunaperekedwa mbuzi, ati za m'banja sizituluka kunja. Mbuziyo tinadya tonse. Ine ndinadya nawo, ndikudziwa chimene inalipira. Mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda sanasekenso ngati kale. Ndiye amalume ako akamabwera ndi zoti tikambirane ndi ankhoswe, musamuchititse manyazi mwamuna, pajatu amalipira fizi, ine m'mimba mumanditentha. Ndawauza kuti mwini mbumba ntchito yake ndi kuteteza mbumba, osati kuwerengera fizi. Sakundiyankhula. Asiye, adzafuna mchere.

Tsono tamvera. Pamene ndinali m'gulu la amayi la pasukulu pano anatiphunzitsa zinthu, ndipo ndinazilemba m'kope. Dziko lino lili ndi lamulo la 2010 losamalira ndi kuteteza ana, ndipo mfundo yake ndi yakuti pogamula nkhani ya mwana, choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo, osati ufulu wa bambo kapena wa mayi. Lilinso ndi lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, lomwe limalola kupempha khoti kuti limuletse munthu wankhanza kuyandikira amene akumuzunza. Chigamulo cha majisitireti si mawu a Mulungu. Ukhoza kupempha kuti achisinthe poti pali zatsopano, ndipo pamwamba pake pali khoti lalikulu. Ukati ulibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau anawakhazikitsira anthu ngati ifeyo. Uli mu Blantyre momwemo, ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli malo a chikwanekwane, kumene achipatala, apolisi ndi a zosamalira anthu amapezeka pamodzi kuti mwana asamafotokoze nkhani imodzi maofesi asanu. Ngakhale zipsera zapola, pali anthu odziwa kucheza ndi mwana payekha mpaka amasuke, ndipo zimene anganene zilembedwa. Nambala ya 116, yothandiza ana, ndi yaulere, ungayimbe ngakhale usiku womwe umakhala pa kompyutawo.

Ndikudziwa unena kuti amayi, zonsezo ndi za papepala. Mwina. Nanga buku lakolo si la papepala?

Usakwiye. Ndikudziwa watopa. Ndinakuona tsiku la chigamulo, sunalire, unangopinda chitenje chako kanayi n'kuchiika m'chikwama, monga unachitira pa maliro a bambo ako. Iwe ukapwetekedwa umathawira m'makope, kuyambira kale. M'bukumo mayi uja ukhoza kumupatsa loya wolusa ndi woweruza wachifundo, mwana n'kupulumuka patsamba lomaliza. Wathuyu sali m'buku. Pakadafunda padajiwitsa galu.

China, pamene ukulembapo. Usaike dzina la mwanayu, kapena sukulu yake, kapena chilichonse choti anthu a kutchalitchi kwanu azimuloza nacho chala. Usaikenso zidutswa za bukulo pa Facebook pamene nkhani ikadali yoti ibwerere kukhoti, munthu uja adzazitola n'kukanena kuti ndiwe wopeka nkhani, taonani amalemba ndi mabuku omwe. Mwanayu adzakula, adzawerenga. Adzakufunsa kuti ndani anakuloleza kufotokozera dziko za msana wake. Ukonzekere yankho.

Ndipo usamutumize. Ndabwerezanso, usamutumize usanakaonane ndi anthu ndakutchulirawa. Sindikunena kuti ubise mwana kapena unyoze khoti, ungamangidwe n'kumusiya m'manja omwewo. Ndikunena kuti upite msanga, sabata ino, pepala latsopano lituluke sukulu zisanatseke. Ukamupeza akukanda pakhosi ngati akufuna kunena kanthu, siya zonse, khala pansi, usamufunse mafunso ambiri. Kwa ine anayamba kuyankhula tikusenda mtedza, osayang'anizana.

Ndagulitsa nkhuku zinayi, ya ulendo yakwana. Ndikubwera Lachinayi, ukandichingamire ku Wenela chifukwa bondoli silingakwere chitunda chija ndi katundu. Upemphe tchuthi kuntchito Lachisanu, tikapitire limodzi. Upezeretu kabuku kake kakuchipatala ndi pepala la chigamulo lija, usandiuze kuti sukudziwa pomwe unaliika. Pakhonde ndikakhala nawe mpaka atitsegulire, chigumu ndibweretsa chokwanira.

Umuuze mdzukulu wanga kuti kamwana ka mbuzi kaja kayamba kudya msipu, ndipo sindinakatche dzina, ndikudikira iyeyo.

Ndine mayi ako.