Ndikufuna kuyambanso majowajowa, koma khanda lilipo ndipo apongozi akukana

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 29, ndimakhala pa boma pano pa Mangochi ndipo ndimaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale. Mwana wanga woyamba, wamkazi, ali ndi miyezi 7. Nkhani yanga mwina ena aiona yaing'ono poyerekeza ndi za mabanja ogwedezeka zomwe mumalandira, koma ine ikundisowetsa mtendere. Ndikufuna kuyambanso masewera olimbitsa thupi, ndipo poyambira pandisowa.

Ndisanakhale ndi pakati ndinali munthu wa mpira wa manja. Ndinauyamba ku sekondale, nthawi imene mtsikana aliyense pabwalo ankadziyesa Mwai Kumwenda, ndipo nditayamba ntchito sindinausiye. Madzulo tinkakumana ndi anzanga pabwalo la sukulu. Loweruka m'mamawa tinkathamanga kuchokera pa chipilala cha wotchi chija, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, n'kubwerera dzuwa lisanakwere. Lero ndikangosenza ndowa ya madzi kuchokera pampope kufika kukhitchini, ndimapuma wefuwefu. Ndikaima nthawi yaitali pa bolodi msana umachita kuyaka.

Sikuti ndikulira chiuno cha pa utsikana ayi. Chimene chikundiopsa ndi BP. Mimba ili pafupi kukwana masiku, magazi anga anayamba kuthamanga kwambiri, miyendo n'kutupa, ndipo n'chifukwa chake ndinachira kudzera pa opaleshoni. Mayi anga ondibereka amamwa mankhwala a BP ndi a shuga tsiku ndi tsiku. Nditapita kukaonedwa patatha masabata 6, tsiku lomwe mwana analandira katemera, anamwino anandiuza mosapsatira kuti mayi amene BP inamuvuta ali woyembekezera ayenera kudzisamala chifukwa ikhoza kudzabweranso akamakula. Anati ndichepetse mchere, ndizikayezetsa, ndipo ndisamangokhala. Ananditchuliranso muyezo wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, woti munthu wamkulu azichita masewera kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndi amayi amene angochira omwe, ngati achipatala awaloleza. Ndinawerengera ndekha: mphindi 30 pa tsiku, masiku asanu. Kumva kwake n'kochepa. Koma mphindi 30 zimenezo, azakhali, ndizitenga kuti?

Tsiku langa limayamba azana asanamveke ku mzikiti wapafupi. Ndiyamwitse, ndichape matewera a usiku, ndikoleze mbaula, nditereke phala la mwana popeza miyezi 6 yoyamwitsa mwakathithi inatha, ndisambe, ndithamangire ku ntchito. Ndikamaweruka dzuwa limakhala lili paliwombo, ndipo amene anakhalako kuno mu Okutobala akudziwa chimene ndikunena: mchenga umawotcha phazi ngakhale uli m'nsapato. Kufika kunyumba mwana amandilandira ndi kulira, mabere atadzaza mpaka kunyowetsa bulauzi. Kenaka makope oti ndichonge, ndiwo zoti ndikagule, nsima ya madzulo. Kukamazizira pang'ono ndiye kuti kwayamba kuda, udzudzu wayamba nyimbo zake, ndipo ine maso akulemera chifukwa usiku mwanayu amadzukabe kufuna bere.

Komabe vuto la nthawi ndikanalimbana nalo. Pandikulira ndi pa apongozi anga. Anabwera kuchokera kumudzi nditangotuluka m'chipatala ndipo alipobe, ndi amene amatsala ndi mwana ndikapita ku ntchito. Ndi mayi wabwino, ndinene zoona. Masiku amene sindinkatha ngakhale kuwerama, ndi iwo ankandisambitsa ndi madzi ofunda, kundiphikira phala ndi thobwa, kuchapa nsalu zanga osanyansidwa. Mayi wotere ungamuyankhe bwanji mwamwano?

Tsiku lina m'mamawa anandiona ndikumanga zingwe za nsapato zothamangira pakhonde. Anaima pakhomo mdzukulu wawo ali kumsana, n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Amake mwana, ulendo wa kuti ndi zovala zimenezi?" Nditawafotokozera anakhala pansi pa mphasa n'kuyamba kundilangiza. Akuti mayi woyamwitsa sathamanga, mkaka umatentha ndipo mwana amatsekula m'mimba. Akuti chilonda cha opaleshoni chimapola kunja kokha, m'kati chimakhala chachiwisi. Ndipo chomwe chimawawawa kwambiri ndi ichi: akuti ndikaonda, anthu kumudzi adzati mwana wawo sakundidyetsa. Ndinavula nsapatozo n'kuzibwezera kunsi kwa bedi.

Za mkaka ndinakafunsa ku sikelo, ndipo anandiuza kuti masewera apakatikati sawononga mkaka, bola ndizimwa madzi okwanira ndi kudya bwino, komanso ndiziyamba ndayamwitsa kuti mabere apepuke. Ine ndinakhutira. Koma kukawauza apongozi kuti "achipatala akuti mukunama" sindingathe, ndipo sindikufuna. Analera ana awo onse mpaka kukula, ndipo kwa iwo ine ndine mwana wa dzulodzuloli.

Bambo a mwana amachita geni ya usipa. Amakagula ku madoko a ku Makawa ndi ku Monkey Bay n'kukagulitsa ku Limbe, ndiye masiku ambiri sagona pakhomo. Nditawadandaulira sanakane, koma anangoti, "Kuchapa konseku, kutunga madzi, kuyenda wapansi kupita ku sukulu, si majowajowa okwanira amenewo?" Funso limenelo landizunguza mutu. Thupi limatopadi, koma ndi kutopa kwina, kofoola, kosiyana ndi kuja ndinkamva ndikachoka pabwalo thukuta lili kamukamu mtima uli mbee. Ndiye ndithandizeni: ntchito za pakhomo zimawerengedwa nawo pa mphindi 150 zija kapena ayi? Chinanso chomwe sindinawauze koma chimandikhala pamtima n'choti iwo Lamulungu akakhalapo amapita kukasewera mpira ndi anzawo masana onse, ndipo palibe amawafunsa kuti mwana atsala ndi yani.

Pali china chochititsa manyazi chomwe sindinauzepo munthu. Apongozi atapita ku tchalitchi ndinatenga chingwe kuseri kwa nyumba kuti ndiyese kudumpha monga ndinkachitira kale. Sindinapite patali, ndinangomva mkodzo wadontha wokha mpaka kunyowetsa kabudula. Ndinakhala pa njerwa n'kulira. Ndikukumbuka kuti anamwino anatiphunzitsa zofinya minofu ya kumusi ngati ukugwira mkodzo, kuwerenga pang'ono, n'kumasula, ndipo ndayamba kutero ndikamayamwitsa. Koma kodi zimenezi zimatha zokha, kapena pa miyezi 7 ndiyenera kubwerera ku chipatala? Nanga mpira wa manja, womwe ndi kudumpha ndi kuima mwadzidzidzi kokhakokha, ndidzaubwereranso?

Anzanga andipatsa nzeru zosiyanasiyana. Wina akuti ndizikasambira, popeza madzi salemetsa mawondo. Koma mu Shire muno muli ng'ona ndi mvuu, kunyanja cha ku Nkopola kumafuna thiransipoti yomwe ndilibe, ndipo likodzo tonse timalidziwa kuno. Wina akuti ndizionera makanema a majowajowa pa foni, koma bandulo ndi ndalama, ndipo pabalaza pathu m'pamene apongozi amayala mphasa. Nzeru yomwe yandigwira mtima ndi yobereka mwana n'kumayenda naye ndawala m'mawa kusanatenthe, mwina Loweruka ndi Lamulungu poyamba. Ndikuganiza kuti apongozi sangakane kwambiri, chifukwa mayi wobereka mwana pamsewu sadabwitsa munthu. Chokhacho, mwanayu walemera, kumsana amatuluka thukuta msanga, ndipo msana wanga womwewo ndi umene ukuwawa kale. Kodi kuyenda kotereku kungandilimbitse kapena ndiwonjezera vuto?

Ndiye azakhali, ndiuzeni poyambira pa munthu wochitidwa opaleshoni ngati ine, ndi zizindikiro zomwe ndikaziona ndiyenera kusiya n'kuthamangira ku chipatala. Koma koposa zonse ndipatseni mawu okalankhula ndi apongozi anga. Ndaganizapo zowapempha kuti mwezi wamawa tipitire limodzi ku sikelo kuti akamve okha kuchokera kwa anamwino, koma ndikuopa angaone ngati ndakawaneneza kwa anthu. Kapena ndidutsire kwa mwana wawo kuti ndi amene awauze? Akakwiya n'kubwerera kumudzi, ndilibe wina womusiyira mwana, ndipo ya wantchito sindingakwanitse.

Ndine,
Mayi wa khanda, Mangochi