Madzi osefukira m'dzinja ndi omwe tikuwasowa m'zitsime

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi alimi anzanga a m'madimba ozungulira Harare, cha ku Seke, Goromonzi ndi Domboshava, komwe kumachokera ndiwo zambiri za pa msika wa Mbare. Januwale akafika timalira kuti mtsinje wasefukira, wakokolola mbewu. Pofika Okutobala tayambanso kulira kuti chitsime chauma, chingwe cha ndowa tachilumikiza koma chikungokoka matope. Ambiri timati awa ndi mavuto awiri. Ine ndikuti madzi ake ndi amodzi: amene anathamangira kumtsinje osalowa pansi ndiwo tikuwasowa m'chilimwe.

Pansi pa dera lino pali thanthwe, ndipo madzi amangokhala m'dothi lofumbutuka la pamwamba pake ndi m'ming'alu. Nkhokwe yake ndi yaing'ono, imafuna kudzazidwa chaka ndi chaka, ndipo oidzaza ndi madambo. Dambo ngati la Monavale mu Harare, lomwe mu 2013 linalowa m'gulu la madambo otetezedwa pa mgwirizano wa mayiko wa Ramsar, limamwa mvula n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mumtsinje wa Marimba mpaka ku nyanja ya Chivero. Tikalimangapo nyumba kapena kuligaula lonse, madzi amatsika tsiku limodzi, kumunsi anthu n'kumira. Kenako wachuma amakumba mjigo wakuya, wosauka woyandikana naye chitsime chake n'kuphwa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Lamulo la madzi la 1998 linaika madzi a m'mitsinje ndi a pansi pa ulamuliro umodzi, dziko n'kugawidwa m'zigawo 7 za mitsinje, monga Manyame ndi Mazowe. Pempho langa kwa a ZINWA, bungwe la boma loyang'anira madzi, ndi makhonsolo a zigawozi ndi lakuti wopatsidwa chilolezo cha mjigo azionetsanso pomwe akubwezera madzi m'nthaka, ndipo kuya kwa madzi m'zitsime kuziyezedwa n'kumalengezedwa monga amachitira ndi madamu.

Koma tisangoloza boma. Malemu Zephaniah Phiri Maseko a ku Zvishavane, dera louma kuposa kuno, ankakumba maenje m'ngalande za m'munda mwawo kuti madzi othamanga aime n'kulowa pansi, ndipo alimi ochokera kutali ankapita kukaphunzira kwa iwo. Amene anakumbapo dzenje lotere akudziwa: mvula ikakata, madzi amakhalamo masiku angapo, udzu wa kumunsi kwake umakhalabe wobiriwira pomwe kwina kwachita gwaa. Khasu ndi fosholo basi, palibe za pampu kapena dizilo. Mamita 30 amene lamulo limatiletsa kulima m'mbali mwa mtsinje tisiyemo bango ndi nsenjere, chifukwa ndizo zimafooketsa madzi. Abale athu ku Nsanje ndi Chikwawa amabzala pa chinyontho Shire akaphwera, ndiye nzeru yogwiritsa ntchito madzi osefukira si yachilendo kwa ife.

Chenjezo n'lakuti si madzi onse oyenera kulowa pansi. Kolera wa 2018 ku Glen View ndi Budiriro mu Harare anafala kudzera m'madzi a m'zitsime ndi mijigo momwe munalowa zonyansa. Dzenje likhale kutali ndi chimbudzi, pakamwa pa chitsime timangepo simenti yokwera ndi chivundikiro.

Magulu athu a mpingo ndi a maliro, omwe amakumana kale mwezi ndi mwezi, akonze tsiku lokumbirana maenjewa mvula yoyamba isanagwe.

Ine wowerenga wanu,
Mlimi wa m'dimba, Harare