Lipoti la nthumwi: msonkhano wa maphunziro a za Alatino ku United States

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti yokonza maphunziro atsopano a za kusamuka kwa anthu,

Munatituma awiri kumsonkhano wa masiku atatu wa akuluakulu a madipatimenti ophunzitsa za Alatino, kuti tikaone mmene anzathu amamangira phunziro lophatikiza mbiri, ndale, chikhalidwe, zilankhulo ndi zolembalemba popanda kuphwasuka. Tinkayembekezera kubwera ndi masilabasi, ndipo tabwera nawo. Koma nkhani imene inadya nthawi yambiri ndi ina: ndani ali ndi mphamvu yolemba aphunzitsi ntchito, ndipo thumba la ndalama akusunga ndani.

Tiyambe talekanitsa zinthu ziwiri zimene ambiri timazisokoneza. Maphunziro a za Latin America amaona maiko monga Mexico, Peru ndi Brazil, ndipo anakula ndi ndalama za boma kuyambira pa lamulo la National Defense Education Act la 1958. Maphunziro a za Alatino amaona anthu ochokera m'maiko amenewo, ndi zidzukulu zawo, amene akukhala mu United States momwemo. Awa sanachite kupatsidwa, anachita kulimbirana. Mu Malichi 1968 ana a sukulu za sekondale ku East Los Angeles ananyanyala makalasi, ndipo chaka chomwecho California State College ku Los Angeles inatsegula maphunziro a za anthu ochokera ku Mexico. Sitalaka ya ophunzira ku San Francisco State College inayamba mu Novembala 1968 nkutha mu Malichi 1969, nibala sukulu ya maphunziro a mitundu ya anthu. Mu Epulo 1969 kunalembedwa El Plan de Santa Bárbara, chikalata cholongosola mmene maphunziro a Achicano, anthu a mtundu wa ku Mexico okhala mu United States, ayenera kuyendera. Ku New York nawo ochokera ku Puerto Rico anatsegula Centro de Estudios Puertorriqueños mu 1973. Za Acuba zinadzapeza malo ku Florida International University mu 1991, za Adominican ku City College mu 1992. Kuwamanga onse pamtolo umodzi wa "Alatino" kunabwera pambuyo. Magazini yaukatswiri ya Latino Studies inayamba mu 2003.

Tsono pa nkhani ya kamangidwe. Yunivesite ikhoza kutsegula pulogalamu kapena dipatimenti, ndipo kusiyana kwake si dzina chabe. Dipatimenti ili ndi mipando yakeyake ya aphunzitsi, bajeti yake, ndiponso voti pa kukwezedwa kwa anthu ake. Pulogalamu ili ndi mtsogoleri mmodzi, kawirikawiri ndi mlembi woganizidwa theka, ndipo aphunzitsi imachita kubwereka ku madipatimenti ena. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mphunzitsi wobwerekayo akapita kutchuti cha kafukufuku, kapena dipatimenti yake ikamufuna pa kosi ina yokakamiza, kosi ya pulogalamu sichitika chaka chimenecho, ndipo ophunzira a chaka chomaliza amatsala m'malere. Akapuma ntchito, mpando wake umabwerera kwa eni ake, amene angalembe katswiri wa zina. Nchifukwa chake ku UCLA, yunivesite ya California ya ku Los Angeles, ophunzira ndi mphunzitsi mmodzi anakana chakudya masiku 14 mu 1993 pofuna dipatimenti ya maphunziro a Achicano. Anapatsidwa likulu lotchedwa César Chávez lokhala ndi mipando ya aphunzitsi, koma dzina la dipatimenti yathunthu linadikira mpaka 2005.

Njira yapakati imene ambiri amathamangira ndi yolemba mphunzitsi mmodzi m'malo awiri, theka kuno theka uko. Papepala imaoneka yosunga ndalama. Pantchito, munthuyo amakhala pa misonkhano ya madipatimenti awiri, m'makomiti a mbali zonse, nayang'anira ophunzira a uku ndi uku, kotero theka ndi theka zimaposa ntchito ya munthu mmodzi. Choopsa chimadza pa chaka chachisanu ndi chimodzi, pamene amamuunika kuti akhazikike pantchito. Ovota amakhala a dipatimenti yakale, ndipo ngati ali a zachuma kapena zandale amatha kunena kuti nkhani zosindikizidwa mu Aztlán, magazini ya maphunziro a Achicano imene UCLA inayamba mu 1970, sizili m'gulu la magazini awo. Mankhwala amene ambiri anagwirizana nawo ndi chikalata chosainidwa munthu asanayambe ntchito, chonena makosi angati pachaka adzaphunzitse mbali iliyonse, makomiti angati, ndani adzavote, ndi magazini ati adzawerengedwe. Chikalatacho asainenso mkulu wa fakote, chifukwa akuluakulu a madipatimenti amasintha ndipo wobwera kumene sadziwa zimene anzake analonjezana pakamwa.

Kachinthu kena kakang'ono koma kolusa ndi nambala ya kosi. Kalasi imodzi imatha kulembetsedwa ndi manambala awiri, ina ya dipatimenti ya mbiri, ina ya pulogalamu. Tiyerekeze kalasi ya ophunzira 40, mwa iwo 32 analembetsa kudzera ku mbiri ndipo 8 okha ku pulogalamu. Mphunzitsi ndi mmodzi, chipinda nchimodzi, koma ofesi yowerengera ikamagawa ndalama imaona pulogalamu ya anthu 8, nkuyamba kufunsa ngati ikufunikadi. Zotere zimakonzedwa ndi ofesi ya kaundula semesita isanayambe.

Silabasi yokha siyovuta. Digiri yoyamba kumeneko imakhala ya makirediti pafupifupi 120, kosi imodzi makirediti 3, ndipo phunziro lalikulu limatenga makosi 10 mpaka 12. Atatu mwa iwo sayenera kubwerekedwa: kosi yoyambira, kosi ya njira za kafukufuku, ndi kafukufuku wa chaka chomaliza. Ya njira za kafukufukuyo ndi imene imasiyidwa ndalama zikachepa, ndipo ife tikuona kuti kumeneko ndi kudula mzati. Wophunzira amatuluka atalawa ndakatulo pang'ono, mbiri pang'ono, ndale pang'ono, koma sangathe kufunsa nkhalamba mafunso nkusunga mawu ake mwadongosolo, kapena kuwerenga tebulo la kalembera.

Pa tebulo la kalemberalo tinakhalitsa. Kalembera wa 2020 anapeza anthu 62.1 miliyoni odzitcha Hispanic kapena Latino, omwe ndi 18.7 pa 100 alionse m'dzikolo. Gulu limeneli boma linalikhazikitsa m'malamulo a ziwerengero mu 1977, ndipo funso lake linafika kukhomo lililonse pa kalembera wa 1980. Tanthauzo la boma limatsata Chisipanishi, motero wochokera ku Spain amalowa, wochokera ku Brazil salowa, pamene m'kalasi mawu oti Latino nthawi zambiri amayenda mosemphana ndi pamenepo. Mkati mwa gululo pafupifupi 6 mwa 10 ndi a mtundu wa ku Mexico, choncho avereji iliyonse imapendekera kwa iwo. Ndipo mbiri zawo nzosiyana kwambiri. Mabanja ena ku New Mexico ndi California sanasamuke. Malire ndiwo anawadutsa pa pangano la Guadalupe Hidalgo mu 1848, pamene maderawo anachoka m'manja mwa Mexico nkukhala a United States. Obadwira ku Puerto Rico ndi nzika za United States kuyambira 1917. Acuba anapatsidwa njira yawoyawo yopezera chilolezo chokhala m'dziko ndi lamulo la 1966. Wofufuza akaphatikiza onsewa pofunsa za mantha othamangitsidwa, yankho lake silimanena za aliyense. Chilankhulo nacho chimapusitsa: mafunso olembedwa m'Chisipanishi amaphonya olankhula Mixtec kapena Zapotec a ku Oaxaca ku Mexico, ndi olankhula K'iche' kapena Mam a ku Guatemala. Ngakhale dzina la dipatimenti limautsa mkangano. Madipatimenti ambiri asintha dzina kukhala Latinx, mawu osasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, chikhalirecho kafukufuku wa Pew Research Center wa 2023 anapeza kuti akuluakulu 4 okha pa 100 a gululi ndiwo amadzitcha choncho.

Pa zokambirana za Alatino akuda mpamene mbiri yathu inatulukira. M'zaka za m'ma 1800 zombo zochoka ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique zinkanyamula akapolo, ena ogwidwa m'madera ozungulira nyanja ya Malawi, kupita nawo makamaka ku Brazil, ena ku Cuba. Apa kosi yathu ili ndi chopereka chake, koma pafunika mphunzitsi wowerenga Chipwitikizi.

Za ndale tingonena mwachidule. Lamulo la Arizona la 2010 linatsekesa maphunziro a za anthu a ku Mexico m'sukulu za ku Tucson mu Januwale 2012, ndipo khoti linagamula mu 2017 kuti lamulolo linachokera ku tsankho. California inalowera kwina: lamulo la 2020 limafuna kuti wophunzira aliyense wa California State University atenge kosi imodzi ya maphunziro a mitundu ya anthu. Kosi yokakamiza yotere imadzaza makalasi, koma ikabwera popanda mipando yatsopano imagwera aphunzitsi aganyu.

Malinga ndi zonsezi, tikupempha komiti kuti iimitse kaye kulemba silabasi mpaka titadziwa mipando imene fakote ingatipatse. Maganizo athu ndi oti tisatsegule phunziro lalikulu ndi mipando yochepera itatu, umodzi pa kosi iliyonse yosabwerekedwa ija. Ngati palibe, tiyambe ndi phunziro lowonjezera la makosi asanu kapena asanu ndi limodzi. Tikupemphanso kuti a ofesi ya kaundula aitanidwe ku msonkhano wotsatira pa nkhani ya manambala a makosi, ndiponso kuti m'kafukufuku wathu "Amalawi okhala kunja" asalembedwe ngati gulu limodzi: namwino wa ku Manchester ndi mnyamata waganyu ku Johannesburg afunsidwe mafunso osiyana. Masilabasi ndi chitsanzo cha chikalata cholembera mphunzitsi m'malo awiri tasiya kwa alembi, ndipo tikupempha kuti muwerengeretu chikalatacho tisanakumane.

Ife nthumwi zanu ziwiri.