Kalata kwa makolo potsekera teremu

Okondedwa makolo ndi onse olera ana athu,

Landirani moni. Teremu yatha ndipo ana akubwera ndi malipoti awo. Chonde muwerenge lipotilo muli naye mwanayo, ndemanga za aphunzitsi zomwe, osangoyang'ana nambala imene wakhala m'kalasi.

Pamsonkhano wathu ena mwa inu munafunsa chifukwa chimene ana a Fomu 3 amatayira nthawi pa Chingerezi chamakedzana pomwe mayeso a MSCE akuyandikira. Funsoli ndi lomveka, pakuti mwana akalephera Chingerezi satifiketi sapata. Ine ntchitoyi ndinaivomereza, ndipo ndifotokoze.

Anawa anapatsidwa mneni mmodzi, "forsake", kutanthauza kumusiya kapena kumutaya munthu. Atafufuza m'madikishonale anapeza kuti zaka zoposa 1,000 zapitazo ku England ankati "forsacan". Kachigawo koyamba, "for", kankasonyeza kukana kapena kuchotsa, pamene "sacan" kunali kukangana kapena kuimba munthu mlandu. Poyamba tsono mawuwa ankanena za kukana chinthu poyera, ndipo tanthauzo la kusiyiratu linakula kuchokera pamenepo. Anthu a ku Normandy, dera la ku France, atalanda England mu 1066, Chifalansa chinalowerera m'Chingerezi, ndipo patapita zaka mazana angapo kunabwera "abandon". Mawu atsopanowa ndiwo anafala, akale aja n'kutsalira kwambiri m'tchalitchi: m'malumbiro a ukwati a mpingo wa Anglican, ndi pa Salimo 22:1 m'Baibulo la King James la 1611, pamene ife timawerenga kuti "mwandisiyiranji".

Phindu lake ndinaliona ndekha m'makope. Ana amene ankalemba "shaked" ndi "taked" anazindikira kuti "forsake, forsook, forsaken" ikuyenda njira imodzi ndi "shake, shook, shaken" ndiponso "take, took, taken". Mtsikana wina anajambula mizere itatu pabolodi n'kuyamba kufotokozera anzake osadikira aphunzitsi. Zoloweza pamtima zimauluka m'chipinda cha mayeso, koma chimene mwana wachifukula yekha sachiiwala msanga.

Patchuthipa ntchito zakumunda ndi zapakhomo zilipo, ndikudziwa, komabe muwapatseko ola limodzi patsiku loti awerenge kukadali kowala. Amene anabwereka madikishonale kulaibulale abwere nawo tsiku lotsegulira, chifukwa alipo ochepa ndipo a Fomu 2 akuwadikira.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu