Chilengezo: Zokambirana za Kumarajiva ndi Xuanzang

Mamembala a gulu lophunzira ntchito yomasulira mabuku,

Tikumana Loweruka likubwerali, 2 koloko masana, m'chipinda chathu cha nthawi zonse. Tikambirana momwe malemba a chipembedzo cha Buddha anamasulidwira kuchoka m'Chisanskrit kupita m'Chitchaina.

Kumarajiva, mmonke womasulira mabuku wa ku Kucha (m'chigawo chapakati cha Asia), anafika mumzinda wa Chang'an ku China mu 401, ndipo ankagwira ntchito ndi amonke mazanamazana. Sankaopa kufupikitsa ndime, bola womvera agwire mfundo. Xuanzang, mmonke wa ku China, anabwerako ku India mu 645 atanyamula mabuku 657, koma iye ankamamatira kwambiri mawu a gwero. Onsewa anamasulira Diamond Sutra, nkhani ya chiphunzitso cha Buddha, komabe anthu anakonda ya Kumarajiva, ndipo ndi imeneyi yomwe inasindikizidwa mu 868 n'kudzapezeka ku Dunhuang, kumpoto chakumadzulo kwa China. Ine ndikuona kuti inapambana chifukwa imamveka bwino poilakatula, koma bwerani mudzanditsutse.

Aliyense abweretse:
- K3,000 ya fotokope ndi tiyi
- kope ndi cholembera
- masamba omwe tinagawana, mutawerengeratu

Yankhani pa WhatsApp pofika Lachinayi madzulo ngati mubwera, kuti tidziwe kuchuluka kwa mapepala osindikiza.