Kalata kwa makolo: za mbozi za m'mabotolo ndi tchuthi chino

Okondedwa makolo ndi onse osunga ana athu,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu. Teremu yoyamba yatha ndipo mwana aliyense tamupatsa lipoti lake. Muliitanitse, chifukwa ena amati akalakwa masamu lipoti limasowera panjira.

Pamsonkhano wa makolo, ena munadandaula kuti ana a sitandade 6 akusunga mbozi m'mabotolo kuseri kwa nyumba. Musawakalipire, tinawatuma ndife. Pa sayansi aphunzira za tizilombo ta miyendo 6, tomwe thupi lake lili ndi mutu, chifuwa ndi mimba. Kangaude ndi nkhupakupa anazichotsa okha pagululi atawerenga miyendo n'kupeza 8.

Chiwala chimaswa mwana wofanana ndi make, kungoti alibe mapiko. Gulugufe, ntchentche ndi udzudzu sizitero. Dzira limaswa mbozi kapena mphutsi, iyo imadya mpaka kukhwima, kenako imadzitsekera m'chikwa n'kutuluka ndi mapiko. Nkhungu zimene timaziona zitaima ngati utsi panyanja zimayambanso zili mphutsi m'madzi. Ana ambiri ankakana zimenezi. Mtsikana wina atapeza kagulugufe kotuwa m'botolo momwe anasiyamo mbozi, anati mnzake wamusinthira, mpaka aphunzitsi anamuonetsa chikwa chong'ambika pansi pa dothi la m'botolomo.

Chimene ndalembera kalatayi kwenikweni ndi mbozi ya chimanga ija, imene kwawo ndi ku America ndipo inayamba kuoneka muno mu Africa mu 2016. Ambiri timadzidzimuka chimanga chitadyeka kale, pomwe nkhani imayambira pa kagulugufe kouluka usiku. Kamaikira mazira pamasamba, 100 kapena 200 pamulu umodzi, ndipo kukamatentha amaswa m'masiku awiri kapena atatu. Timbozi tating'ono timapala tsamba mpaka kumaonekera kuwala. Ikakula imalowa m'kati mwa nsonga ya chimanga, n'kumasiya ndowe zonga utuchi, ndipo ikafika pamenepo ngakhale mankhwala nthawi zambiri amaiphonya. Mudzaizindikira ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi madontho anayi akuda chakumchira. Ikakhuta imatsikira m'dothi, ndipo pakangotha mwezi chiikire dzira lija, kagulugufe kena kali m'munda.

Choncho mvula ikagwa chimanga n'kumera, muziwatenga anawa kumunda m'mamawa kawiri pa sabata. Maso awo ndi akuthwa kuposa athu. Azitembenuza masamba n'kutswanya mazira ndi timbozi tisanabalalike. Za mankhwala zikhale za akuluakulu motsatira malangizo a alangizi, mwana asagwire mpope.

Udzudzu nawo nthawi yake ndi ino. Mphutsi zake zimakulira m'madzi odikha, m'zithaphwi, m'maenje oumbira njerwa ndi m'madambo a mpunga, ndipo kotentha ngati kuno kwathu ku Nkhotakota sabata ziwiri sizikwana udzudzu usanauluke. Dambo simungalikwirire, koma dzenje la pakhomo mungathe. Teremu ino ana ambiri ajomba chifukwa cha malungo, ndiye zimandiwawa ndikaona neti itatchinga dimba kapena ikukokera usipa.

Inu okhala kufupi ndi nkhalango ya Nkhotakota, kumbukirani kashembe. Ameneyu saikira mazira, amabereka mphutsi imodzi nthawi imodzi n'kuisiya pa dothi la pamthunzi. Nsalu zabuluu ndi zakuda zopachikidwa m'malire ndi misampha yake, ana asazichotse. Mwana akamatentha thupi osasintha atamwa mankhwala a malungo, mubwerere naye kuchipatala mukatchule za kaodzera, matenda amene kashembe amafalitsa.

Tsiku lotsegulira talilemba pa lipoti. A sitandade 8 asasiye makope, ndipo a sitandade 6 adzabwere atalemba zimene apeza m'munda mwanu.

Ine wanu,
Mphunzitsi wamkulu